Chingwe cha USB, EasyCap kapena khadi la FireWire: matepi a MiniDV alowe bwanji mu kompyuta?

Chiwonongereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, sabata siitha popanda munthu kugogoda kwathu kuno ku Nchalo ali ndi kajumbo ka matepi m'manja. Ena ndi a ukwati, ena a chinkhoswe, ena a kwaya ya mpingo imene oyimba ake angapo anatisiya kale. Madzi aja anatiphunzitsa kuti tepi yosungidwa m'sutukesi pansi pa bedi ingathe kupita usiku umodzi. Funso la onse ndi limodzi: achimwene, zimenezi zilowa bwanji mu kompyuta? Ine ndajambula maukwati ndi kamera ya MiniDV, ija yojambula pa timatepi ting'onoting'ono, zaka zambiri, kuyambira ku Dyeratu mpaka ku Bangula, ndipo njira zitatu zimene anthu amauzana ndinaziyesa zonse. Imodzi mwa izo inandiphera kamera.

Ndiyambe ndi imeneyo, chifukwa ndi imene ambiri mumathamangira. Mukayang'ana m'mbali mwa kamera mupeza timabowo tiwiri tofananako. Kena nka USB. Kena kalembedwa DV, pa makamera a Sony amalemba i.LINK, koma dzina lake lodziwika ndi FireWire kapena IEEE 1394. Pa makamera ambiri a tepi, ka USB kaja ntchito yake nkukopa zithunzi za pa memory card, mwina ndi kanema wamng'ono wosaoneka bwino. Kanema weniweni wa pa tepi amatulukira ku DV. Tsono malaputopu a masiku ano alibe bowo la FireWire, ndiye amalonda anabweretsa chingwe chooneka ngati yankho: mbali ina nkamutu ka DV, mbali ina ndi USB wamba.

Ndinakwera minibasi m'mamawa, kuwoloka Shire, kukwera mapiri a ku Thabwa, mpaka ku Limbe. Mnyamata wa mu shopu anachitulutsa mu pulasitiki yake nkunena kuti, "Bwana, ichi mungobaya basi, anthu a mavidiyo onse akutenga chomwechi." Ndinalipira osanenerera nkomwe. Nditafika kunyumba madzulo ndinabaya. Kompyuta zii. Ndinatsegula Device Manager, pamene Windows imaonetsa zipangizo zimene zalumikizidwa, palibe chatsopano. Ndinaganiza kuti ndi driver, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira chipangizo, ndinatha bandulo usiku wonse kufufuza. Mawa lake ndinabwereka laputopu ya alamu anga, kenako ya aphunzitsi ena oyandikana nawo, ndipo pa laputopu iliyonse ndinkabaya nkuzula, kubaya nkuzula, osadziwa kuti ndikuipha kamera yanga ndi manja anga.

Patapita miyezi ndinapeza khadi lenileni la FireWire, koma kamera ija sinaonekenso pa kompyuta. Tepi inkazungulira bwinobwino, chithunzi pa kasikirini kake chili mbee, koma ku DV kulibe kanthu. Wokonza zipangizo ku Blantyre ataitsegula anandionetsa kachidutswa kakuda pafupi ndi bowo lija, nkundifotokozera. USB ndi FireWire n'zosiyana kotheratu m'katumizidwe kake, ndipo chingwe cha mawaya okhaokha, chopanda chipangizo chilichonse mkati, sichingamasulire. Choipitsitsa n'chakuti USB imatulutsa magetsi a 5 volts, pamene kabowo ka DV ka pa kamera kali ndi mapini 4 ndipo onsewo ndi odutsa kanema, palibe la magetsi. Magetsi aja akalowa pamenepo amawotcha. Chosinthira chake sichinapezeke. Nditabwerera ku shopu kuja anangondilozera pepala la pakhoma lakuti katundu wogulidwa sabwezedwa.

Muwerenge nokha: mtengo wa chingwe, maulendo atatu a ku Blantyre, ndalama ya wotsegula kamera, ndi bowo la kamera imene inandidyetsa ine ndi ana anga. Mpaka lero zimandipweteka. Chingwe chimenechi musagule, ngakhale wogulitsa atakhala m'bale wanu. Ngati munagula kale, musachibaye ngakhale kamodzi kongoyesa.

Njira yachiwiri ndi kachipangizo ka USB kokhala ndi zingwe zachikasu, zoyera ndi zofiira, kamene ambiri amati EasyCap. Aka kamagwira ntchito, ndisakanamizire. Mumalumikiza ku chingwe cha AV cha kamera, chija mumalumikizira pa TV, nkujambula ndi pulogalamu yaulere ngati OBS. Koma dziwani chimene mukutaya. Kanema wa pa MiniDV ndi wa digito kale. Mukamudutsitsa pa chingwe chachikasu kamera imamusandutsa analogi, kachipangizo kaja nkumubwezeranso ku digito, ndipo panjirapo chithunzi chimafewa, mitundu imayenderera, leisi ya diresi la mkwatibwi imangokhala choyera chimodzi. Ngati kamera yanu ili ndi bowo la S-Video, gwiritsani ntchito limenelo, zimakhalako bwino.

Mavuto ake odziwika ndi atatu. Timakina timeneti timapangidwa ndi makampani ambiri pansi pa dzina limodzi, mkati muli ma chip osiyanasiyana, ndiye driver ya mnzanu ikhoza kukana pa kanu. Kanema akamatuluka wopanda mitundu kapena akuthamanga kukwera m'mwamba, mwasiya pulogalamu yojambulira pa NTSC, mtundu wa kanema wa ku America. Ife kuno ndi a PAL, sinthani pamenepo. Lachitatu ndi limene limandivuta kwambiri: pa tepi yaitali mawu ndi chithunzi zimatha kusiyana pang'onopang'ono. Poyamba simuona kanthu, koma pofika pa perekaniperekani dzanja la woimba ng'oma limatsika kaye, kulira kwake nkubwera pambuyo. Komabe kwa amene bowo la DV linapsa ngati ine, kapena muli ndi matepi a VHS, njira yake ndi yomweyi, ndipo kamera yanga yakale ija ikugwirabe ntchito kudzera pamenepa.

Koma mtima wanga uli pa khadi la FireWire. Ndi kakhadi kolowetsa mkati mwa kompyuta ya patebulo, pa mpata wotchedwa PCIe, kapena wa PCI ngati ndi yakale kwambiri, nkukalumikiza ku bowo la DV la kamera ndi chingwe cha FireWire. Apa palibe kusandutsa chilichonse: zimene zili pa tepi zimakopedwa momwe zilili, 720x576, mafelemu (zithunzi zopanga kanema) 25 pa sekondi, mawu ali m'malo mwake. Ndi kapulogalamu kaulere ka WinDV mukadina pojambula, tepi imayamba yokha kuzungulira, ndipo tsiku ndi nthawi imene munajambula zimatulukira pa dzina la fayilo, bola wotchi ya kamera inali yokhoza tsikulo. Pogula khadi funsani la chip ya Texas Instruments. Ndi limene silikangana ndi makamera. Ngati muli ndi mwayi wopeza laputopu yakale ya nthawi ya Windows XP kapena Windows 7 yokhala ndi kabowo kolembedwa 1394 m'mbali, igwireni ndi manja awiri. Ili ndi batire, ndipo kuno kumene magetsi amathima tepi ili pakati, zimenezo n'zazikulu, chifukwa tepi ya ola limodzi imafunanso ola lathunthu kuti ikopedwe.

Sindikuti njira imeneyi ilibe minga. Anthu ambiri amene amandiimbira kuti khadi likukana amakhala atasiya switchi ya kamera pa CAMERA m'malo mwa VCR kapena PLAY. Ena ndi a Windows 10, amene amafunika kuika driver yakale ija yotchedwa 1394 OHCI Legacy, imene Microsoft inatulutsa padera. Wina anabwera akudandaula kuti kanema amangoduka pa mphindi 18 nthawi zonse. Hard disk yake inali yofomatidwa pa FAT32, imene silola fayilo yoposa 4 GB, pamene ola limodzi la DV limadya pafupifupi 13 GB. Isintheni ikhale NTFS, mutayamba mwasamutsa zanu zonse. Ndipo pobaya, thimitsani kaye kamera ndi kompyuta yomwe. Kamutu kakakulu ka mapini 6 ka ku kompyuta kamanyamula magetsi, mukakakamiza chozondoka mathero ake ndi anga aja.

WinDV imawerenga mafelemu otayika pansi pake, ndipo nambala imeneyo iyenera kukhala pa 0. Ikayamba kukwera, tsekani mapulogalamu ena onse, musakopere pa fulashi, ndipo yang'anani kutentha. Mwezi wa Okutobala kuno kuchigwa, dzuwa likamapitirira madigiri 40, kompyuta yodzaza fumbi m'nyumba ya malata imayamba kufooka isanakwane 11 koloko. Ine ndimakopa mbandakucha, chitseko chili chotsegula, fani ikupemerera kompyuta yovula chivundikiro.

A makompyuta a Mac akaleko ali ndi njira ya ma adapter a Thunderbolt olumikizana awiri, koma ndi odula ndipo kuno simuwapeza. DVD recorder yokhala ndi bowo la DV nayo imakopa, koma imafinya kanemayo, ndipo ma DVD ake sachedwa kukalika.

Pali zina zimene njira iliyonse singakonze, chifukwa vuto lili pa tepi kapena pa mutu wa kamera, kachipangizo kamkati kamene kamawerenga tepi. Mukaona timabokosi kapena mizere yopingasa pa kasikirini ka kamera yomwe, musavutike ndi kompyuta; ikani tepi yotsukira mutu kwa masekondi 10 okha, osapitiriza. Pa Sony, kasikirini kakalemba C:22 ndi mutu wakuda, C:21 ndi chinyezi, ndipo nyengo ya dzinja kuno imeneyi imabwera kawirikawiri: tulutsani tepi, siyani chitseko chake chotsegula ola limodzi. Tepi yojambulidwa pa LP, ija yotalikitsa mphindi 60 kukhala 90, nthawi zambiri imafuna kamera yomwe inaijambula. Ndipo tepi imene inamira kapena yachita chuku choyera mkati musailowetse n'komwe, idetsa mutu nkuwononganso matepi abwino otsatira.

Mwezi watha kunabwera mayi wina wa ku Bangula ndi matepi anayi okulungidwa m'chitenje. Atatu anali ndi matope ouma m'kati, ndinawauza poyera kuti, "Amayi, awa sindiwayika, atiwonongera kamera." Yachinayi inapulumuka chifukwa inali kwa mchemwali wawo ku Ngabu. Ndinailowetsa mu kamera imene ndinagula yogwirapo kale, WinDV nkuyamba, mafelemu otayika ali pa 0. Patangopita mphindi zochepa panatulukira malemu amuna awo atavala suti yotuwa, akuvina polowa mu holo, mawu a nthungululu ali pomwepo. Mayiwo anakhala pansi pa simenti osalankhula mpaka tepi inatha. Ndinawaikira kope yaing'ono ya MP4 pa foni ya mwana wawo, ndipo fayilo yaikulu ya 13 GB ndinaisunga pa ma hard disk awiri, ina ili kwa mng'ono wanga ku Blantyre, kumtunda.