Hearts of Iron II: jenerale wapambana, koma luso lake latsika

Gemu iyi, ya pakompyuta momwe mumatsogolera dziko pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, ndi yakale ndithu. Inatuluka mu 2005 kuchokera ku kampani ya Paradox ya ku Sweden, ndipo ukalamba wake umaonekeratu mukangoitsegula: mapu osakongola, timabokosi ta manambala tili mbwee. Komabe ine ndikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, makamaka chifukwa cha chinthu chomwe ongoyamba kumene amadandaula nacho kwambiri.

Dandaulo lake ndi lakuti jenerale wamenya nkhondo bwino, adani athawa, koma ukayang'ana luso lake lachoka pa 4 lafika pa 3. Ena amati gemu yawonongeka. Ayi, chotsitsa lusolo si kupambana, ndi kukwezedwa paudindo. Munthu ukakondwa ndi jenerale wako, chala chimathamangira kukamupatsa mphoto, ndiye ukamukweza pawekha, mfundo imodzi ya luso imapita.

Nanga n'kumukwezeranji? Nkhani ili pa kuchuluka kwa asilikali amene angawatsogolere. Major General amakwanitsa divishoni (gulu la asilikali) imodzi yokha, Lt. General zitatu, General 9, pomwe Field Marshal amafika 12. Mukamusenzetsa zoposa pamenepo, madivishoni owonjezerawo amalowa m'nkhondo ali ofooka zedi. Ndiye mumakhala pamphambano. Rommel, jenerale wa Germany, muli naye apo, akasinja ake akuswa mzere wa adani ngati nthabwala, koma kutsogoloku kukufunika gulu lalikulu. Mukamukweza atenga asilikali ambiri, koma aliyense wa iwo amenya mocheperako mphamvu, ndiponso wa udindo waukulu amachedwa kuphunzira, choncho mfundo yotayikayo sibwerera msanga. Mukamusiya pomwepo akhala katswiri wa kagulu kochepa.

Kwa ine apa opanga gemu anaganiza bwino. Wodziwa kulima munda wake sikuti akhoza kuyendetsa esiteti tsiku lomwelo. Chimene ndimachita n'kukweza anthu anga nkhondo isanayambe, cha mu 1936 kapena 1937 m'gemumo, makamaka amene luso lawo ndi lochepa kale. Akatswiri enieni ndimawasiya pa Lt. General ndi madivishoni atatu a akasinja, azikhwimira pomwepo.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa gemuyi siphunzitsa mokwanira. Malamulo ofunika chonchi umachita kuwatola wekha uku zinthu zikukuwonongekera, ndipo kufufuza jenerale mmodzi pamndandanda wautali wa dziko ngati Germany kapena Soviet Union n'kotopetsa. Kompyuta nayonso, imene imayendetsa mayiko enawo, nthawi zina imamenya nkhondo mopanda nzeru, makamaka panyanja.

Ngati mukugula, tengani yokhala ndi Doomsday, gawo lowonjezera limene limatalikitsa gemuyi mpaka 1953. Zaka zowonjezerazo zimapatsa majenerale okwezedwa aja mpata wobweza luso lawo. Siifuna kompyuta yamphamvu, ngakhale laputopu yotopa imaikwanitsa.