Peroxide kapena Jik potsuka ma diatom?

Anzanga amene mukutunga madzi ku Kafue kapena pa Goma Lakes ku UNZA kuti muone ma diatom, tindere tosaoneka ndi maso, pa maikulosikopu, tiyeni tikambeko za katsukidwe. Chigoba cha tindere timeneti ndi cha silika, ngati galasi, mbali ziwiri zovundikirana monga kachitini ka polishi wa nsapato, ndipo dzina lake umalidziwa powerenga timizere ndi timabowo pa ma micron 10 aliwonse (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita). Osatsuka zamkatizo palibe chimene uone, ndi zabulauni zokhazokha basi.

Jik ndi wotchipa, ali mu shopu iliyonse pa Kamwala, ndipo amagwira mwachangu. Vuto lake ukamuiwala amadya silika yemwe. Ine ndinasiya sampulo yanga ndikupita kukadya nsima, pobwera tizigoba topyapyala tinali titafufutika, timizere osawerengeka, ndinangotaya. Ngati ndi Jik khalani pompo ndi wotchi m'manja, kenako tsukuluzani kambirimbiri ndi distilled water.

Hydrogen peroxide wa 30% ndiye ndimakonda ngakhale amachedwa komanso pa famase umangopeza wofooka uja wa pabala, wamphamvuyo mpaka kwa ogulitsa zinthu za mu labu. Umatenthetsa pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya ndipo zotsala pansi zayera. Magolovesi musaiwale, amawaula khungu. Ubwino wake umaoneka pa Aulacoseira granulata, kaja kolumikizana ngati mikanda kamene kamapezeka m'mitsinje ndi m'nyanja pafupifupi dziko lonse lapansi. Kameneka kamasinthasintha heve, kena konenepa kena kowonda ngati ulusi kamene amati angustissima, komanso pogawikana m'lifupi mumachepa mibadwo ikamapita, nde ukangodalira kukula ukhoza kulemba mitundu itatu pamene ndi umodzi. Chokupulumutsa ndi timinga titalitali ta kumapeto ndi timabowo tikulutikulu, zimene peroxide amazisiya zili bwinobwino.

Koma peroxide yekha muno mu Lusaka sakwanira. Tauni ino inakhala pa miyala ya laimu, mumaona momwe ketulo imayerera mkati, nde laimu yemweyo amadzadza pa silaidi. Madontho angapo a HCl (asidi wa hydrochloric) amamusungunula. Chonde HCl musamuphatikize ndi Jik, pamatuluka mpweya wa chlorine woopsa zedi.

Jik ndimusungire tsiku longofuna kusuzumira kuti m'botolo muli chani. Silaidi yosunga, yomata ndi guluu wa masilaidi uja wa Naphrax, ine peroxide ndi HCl basi.