Ma earbuds ali bwino, koma mnyamata wa pashopu uja anandikhumudwitsa

Ndadikira masabata atatu ndisanalembe kuti mtima uyambe watsika kaye, koma sukutsika ndiye ndingolemba basi.

Ma earbuds awa ndinagula kushopu ina ya mafoni ku Old Town kuno ku Lilongwe. Mtengo wake si wa aja oyalidwa pansi kudepoti. Chomwe ndinawafera ndi spatial audio, ija yopangitsa mawu kumveka ngati akuchokera mbali zonse mokuzungulira, pakatoni anachita kulemba ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo mnyamata wogulitsayo anandiveka m'makutu nkundiyikira kavidiyo pafoni yake, mvula kumveka ikugwa kumbuyo kwanga, ndege kudutsa pamwamba pamutu mpaka ndinacheuka. Ndinalipira osanenerera nkomwe.

Kufika kunyumba kulumikiza ku foni yanga, zija ndinamva kushopu kulibe. Mawu akutuluka inde, besi ilipo, koma zonse zaunjikana pakati pamutu ngati kawailesi ka mabatire. Kuyatsa spatial audio, kuzimitsa, kuyatsanso, palibe chosintha. Ndinawachotsa pa Bluetooth nkuwalumikizanso, ndinadina kabatani ka pakabokosi kawo mpaka kagetsi kanayamba kuphethira, ndinawonongera bandulo kutsitsa apu yawo ndi update ya firmware, koma ayi ndithu.

M'mawa mwake ndinabwerera kushopu, risiti m'thumba, katoni m'manja. Mnyamata yemwe dzulo lake ankati bwana bwana uja tsopano maso ali pafoni yake, ine ndaima pakauntala ngati ndabwera kudzapempha. Nditafotokoza vuto langa anangoyang'ana foni yanga chapatali, osaigwira nkomwe, nkunena kuti "Madala, foni yanuyi ndi yakale, singakwanitse zimenezi." Ndinamuuza kuti achimwene foniyi ili ndi Android 13, spatial audio inabwera mu Android yomweyo ndipo mu ma settings anga ikuoneka, taonani nokha apa. Iye osayang'ana, nkuloza kapepala komata pakhoma kakuti katundu akatuluka sabwezedwa. Ine sindinapite kukabweza katundu, ndinapita kuti andithandize ayambe kugwira ntchito! Chomwe chinandiwawa kwambiri ndi chakuti anatsegula galasi nkutulutsa foni yatsopano akuti ndiwonjezere ndalama ndisiye yangayo, anzake awiri kumbaliko akuseka. Munthu wamkulu ngati ine kusekedwa ndi ana chifukwa cha katundu amene ndagula ndi thukuta langa. Ndinatuluka osatsanzika ndipo ulendo wonse wa muminibasi ndinali nditatsimikiza kuti andigulitsa feki, popeza afeki alipodi ambiri, kunja ofanana ndi enieni koma mkati mulibe ma sensor aja ozindikira kuti mutu watembenuka.

Loweruka kunabwera mwana wa achemwali anga amene ali kukoleji. Anatenga foni ija, sipanathe mphindi ziwiri, akuti "Ankolo, mono audio anayatsa ndani?" Ndi pomwe ndinakumbukira kuti chaka chatha mahedifoni anga a waya anafa mbali imodzi ndiye ndinalowa mu Accessibility nkuyatsa mono kuti zonse zizimvekera khutu lomwe linatsalalo. Mono imasakaniza mawu akumanja ndi akumanzere kukhala amodzi, makutu onse awiri amalandira zofanana, pomwe spatial audio imadalira kusiyana pang'ono kwa zomwe khutu lililonse likumva, lina kulandira msanga lina mochedwerako, lina mokweza lina motsika, ndi momwe ubongo umadziwira kuti phokoso likuchokera kumbuyo kapena pamwamba. Anazimitsa, nkuonanso kuti kamzere ka balance kali pakatikati, basi mvula ija inayambanso kugwa kumbuyo kwanga. Zimenezi mnyamata wa pashopu uja akanaziona akanangotambasula dzanja nkugwira foni yanga.

Apa ndinene chilungamo, katunduyu alibe mlandu ndipo ndi weniweni. Koma musayembekeze zodabwitsa pa chilichonse. Nyimbo zomwe timatumizirana pa WhatsApp ndi mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi stereo wamba, foni imangoyesa kuwatambasula ndipo nyimbo zina zimamveka ngati woyimbayo ali mubafa, makamaka zathu zojambulidwa kalekale, pamenepo ine ndimazimitsa. Kuti mumve kukoma kwake pezani filimu kapena nyimbo yolembedwa 5.1 kapena Dolby Atmos. Ndipo muvale onse awiri, chizolowezi chovala khutu limodzi kuti uzimva anthu akamakuitana chimapha zonsezi.

China chomwe chinandisokoneza ndi head tracking, yomwe imatsatira momwe mutu ukutembenukira. Ukakhala pampando kunyumba ndi zokoma, ukatembenukira kumanja mawu amatsala komwe kuli foni ngati pali sipika patsogolo pako. Koma tsiku lina ndili muminibasi, itangokhota pa roundabout nyimbo yonse inathawira khutu lakumanzere, patapita timasekondi nkubwerera pakati, kukhotanso kuthawanso, ine nkumati kamodzi kayamba kufa. Mphwanga uja anandiuza kuti ma sensor akuona ngati ndatembenuza mutu pomwe yatembenuka ndi galimoto. Ndiye paulendo ndimazimitsa head tracking nkusiya spatial audio yokha, vuto latha, komanso batire imakhalitsako chifukwa head tracking imadya moto. Ndi magetsi athuwa zimenezo si zazing'ono.

Timalabala ta kumapeto tomwe anabwera nato tinali tating'ono kwa ine, besi inkathawa, nditasintha nkuika tatikulu tomwe tinali mukatoni zinakhala bwino. Kasefa ka potulukira mawu pa ma earbuds muzipukuta, phula la m'khutu likatseka mbali imodzi mawu onse amapendekera mbali inayo. Maikolofoni ndi yapakatikati, pamphepo anthu amadandaula kuti sakundimva.

Ma earbuds ndikuwapatsa nyenyezi 4, imodziyo ndachotsa chifukwa kabuku kamukatoni sikanena chilichonse za mono kapena za head tracking, masamba onse ndi zithunzi za kachajidwe basi. Shopu ija ndiye ayi, mkazi wanga akufuna ake mwezi ukatha ndipo ndamuuza kale kuti tikagula kwina ngakhale akhale odulirapo.