Mfuti yanga ya .22 K-Hornet patatha chaka: ntchito ya mmisiri ndi zimene ndaona kutchire

Papita chaka ndi miyezi iwiri chilandirireni mfutiyi kuchokera kwa mmisiri amene anandikonzera. Ndinadikira dala ndisanalembe, chifukwa chinthu chikakhala chatsopano maso amangoona zabwino zokhazokha. Ndimagwira ntchito pa famu ya nkhosa ndi balere ku Northumberland, kumpoto kwa England, ndipo eni famu anandipatsa kalata yondilola kusaka akalulu amene amadya mbewu zikangomera, komanso nkhandwe nthawi imene nkhosa zikuswa. Kwa zaka zambiri ndinkadalira .22 LR. Ndi mfuti yabwino, koma kalulu akakhala kupitirira mayadi 80, mphepo ya kuno imakankhira chipolopolo pambali, ndipo ine kuvulaza nyama n'kuisiya ikafere kuuna sindifuna ngakhale pang'ono.

Ndinagula mfuti yakale ya mtundu wa CZ 527, ya zipolopolo za .22 Hornet, imene mpope wake unali utatha m'kati. Poti mpope unayenera kusinthidwa basi, ndinapempha mmisiri kuti watsopanowo auboole kukhala K-Hornet. Kwa amene simunamvepo, ichi ndi chimodzi mwa zipolopolo zimene alenje amazitcha wildcat, kutanthauza kuti munthu anatenga chipolopolo cha kufakitale n'kusintha maonekedwe a chigoba chake, chija chosunga onga, ndipo sungachipeze chopangiratu m'sitolo. Hornet yeniyeni kampani ya Winchester inayamba kuigulitsa mu 1930. Mu 1940 Lysle Kilbourn, wa ku America, anaona kuti chigoba chake n'chotsetsereka kwambiri, ngati nsonga ya mpeni, choncho anachiwongola m'mbali n'kuchipatsa phewa lakuthwa. K imene ili m'dzinalo ndi ya iyeyo.

Chimene chinandikopa ndi kuphweka kwake. Umalowetsa chipolopolo wamba cha .22 Hornet, n'kuwomba, ndipo mphamvu ya onga imafufumitsa chigobacho mpaka chidzaze malo atsopano aja anabooledwa mu mpope. Ukatsegula bolt, chitsulo chija cholowetsa ndi kutulutsa chipolopolo, chigobacho chimatuluka chili ndi phewa, chasanduka K-Hornet. Tsiku loyamba ndinaimika zigoba ziwiri pa tebulo, chosawombedwa ndi chowombedwa, n'kuziyang'ana nthawi yaitali. Ndinakumbuka agogo anga aamuna kumudzi, mmene ankathirira onga mu gogodela yawo mosamala ngati akuyeza mankhwala. Ulemu umene ankaupereka kwa mfuti ndinadzaumvetsa nditayamba kudzaza ndekha zipolopolo.

Ntchito ya manja a bambowa ndilibe nayo mawu. Mpope anaulumikiza bwino moti polumikizirapo chala sichimva mpata. Mtengo wa mfuti anaupala m'kati kuti mpope usaukhudze, ndipo pepala limadutsa pansi pake kuyambira kutsogolo mpaka kumapeto osakodwa. Trigger ya CZ 527 ija umaikankhira kutsogolo kuti ipepuke anaitsuka n'kuichuna, koma anakana kuipepukitsa mpaka pamene ndinkafuna. Anandiuza kuti m'nyengo yozizira zala zimachita dzanzi, ndipo mfuti yosakira siyenera kulira munthu asanakonzeke. Ndinanyinyirika tsiku limenelo, koma mu Januwale, chipale chili mbuu, ndinaona kuti ankanena zoona.

Za malamulo anazigwiranso bwino. Anandiuza kuti ndiyambe ndalankhula ndi apolisi oona za ziphaso za mfuti kuti dzina la chipolopolo lilembedwe molondola pa chiphaso changa. Atamaliza anatumiza mfutiyo ku Birmingham Proof House, malo oyesera mfuti amene anakhazikitsidwa mu 1813, ndipo inabwera ili ndi chidindo pa mpope.

Pali ziwiri zimene zinandipweteka mtima. Choyamba ndi nthawi. Anandilonjeza miyezi itatu, koma inakwana isanu ndi iwiri, ndipo foni sankaiyankha kawirikawiri. Nyengo yonse imene nkhosa zinkaswa inadutsa mfuti ili kwa iwo. Akanangondiuza poyamba kuti mpope uchedwa, ndikanadziwa chochita.

Chachiwiri n'chachikulu, ndipo aliyense woganiza zopangitsa mfuti yotere achimve bwino. K-Hornet si imodzi. Popeza amisiri osiyanasiyana akhala akuipanga aliyense m'njira yake kwa zaka zoposa 80, kupendekeka kwa phewa ndi kutalika kwa khosi zimasiyana. Ine ndinagula ma die, zitsulo zija zobwezera chigoba m'malo mwake, ndisanafunse kuti reamer, chitsulo chimene anaboolera mpope wanga, inali ya muyezo uti. Sizinagwirizane. Die inkakankhira phewa m'mbuyo mopitirira, ndipo zigoba zinayamba kuonetsa mzere wowala pafupi ndi tsinde, chizindikiro choti zatsala pang'ono kuduka. Ndinasiya pomwepo, n'kutaya zigoba zonsezo. Mmisiri anavomera kuti anayenera kundipatsa chojambula cha reamer tsiku loyamba, ndipo anandithandiza kupeza die yoyenera. Ndinayamikira kuti sanazembe, koma ndalama zinali zitapita kale.

Magazini, kabokosi kosungira zipolopolo mu mfuti, nayo inafuna kuikhudza. Inapangidwira zigoba zotsetsereka, ndiye zaphewazi zinkakodwa polowa, makamaka chomaliza. Anaipala pang'ono m'milomo, ndipo tsopano zonse zisanu zimalowa bwino bola bolt ndiikoke ndi mtima umodzi.

Kutchire ndiye kumene mfutiyi yandigwira mtima. Pa mayadi 100, nditagona pansi mfuti itatsamira pa thumba la mchenga, zipolopolo zisanu zimagwera pamalo oti ndalama yachitsulo ya paundi imodzi n'kuphimba. Sikankha paphewa, moti ndimaona mu scope, galasi loonera patali, pamene chipolopolo chagunda. Onga imadya wochepa kwambiri, chitini chimodzi chimandifikitsa kutali, ndipo mpope sutentha msanga. Ndi moderator, chitsulo chochepetsa phokoso, kutsogolo kwa mpope, nkhosa za m'khola loyandikana zimangotukula mitu n'kupitiriza kudya. Akalulu ndimawapeza bwinobwino mpaka mayadi 150. Kupitirira apo ndimawasiya, chifukwa mitu ya zipolopolo yolemera 40 grain imene ndimagwiritsa ntchito ndi yopepuka ndipo mphepo imaisewerabe.

Amene mukufuna ndiwo, dziwani ichi: liwiro lake ndi lalikulu kwa kanyama ngati kalulu. Ukalasa pachifuwa, miyendo yakutsogolo ndi msana zimawonongeka. Ine ndimalasa kumutu kokha, ndipo ngati mutu sukuoneka bwino sindiwomba. Amene ndabwera nawo kunyumba, mayi a ana amawakazinga ndi anyezi ndi tomato, ndipo ndi nsima amatikumbutsa kwathu.

Musayembekezere kuti K ija isandutsa Hornet kukhala .223, chipolopolo chachikulu ndi champhamvu kuposa icho. Liwiro limakwera ndithu, koma pang'ono, ndipo kalulu sangasiyanitse. Phindu lenileni ndaliona pa zigoba. Za Hornet wamba ndi zopyapyala, zimatalika msanga ndipo umangokhalira kuzidula. Izi zaphewa, chipezereni die yoyenera, ndazidzaza kambirimbiri ndipo zikadali zolimba. Muyezo wa onga sindilemba pano, chifukwa chigobachi n'chaching'ono moti kuwonjezera pang'ono pokha kumakweza mphamvu kwambiri. Ndimatsata mabuku a makampani opanga onga, kuyambira pa muyezo wotsika.

Mtengo wake wonse, kuphatikiza mpope, ntchito, kuiyesa ku Birmingham ndi ma die awiri aja, unaposa wa mfuti yatsopano ya m'sitolo. Munthu amene sadzaza yekha zipolopolo ndingamuuze kuti agule .17 Hornet imene Hornady anatulutsa mu 2012, kapena akhale ndi .22 Hornet wamba, adzasangalala. Koma ngati mumakonda kukhala pa benchi madzulo, kuyeza onga ndi kupukuta zigoba chimodzichimodzi, mfuti yotere idzakukomerani. Mmisiriyu ndikumupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, imodzi ndachotsa chifukwa cha kuchedwa ndi nkhani ya reamer ija. Mnzanga wa pa famu yoyandikana wapereka kale mfuti yake kwa bambo omwewa, ndipo ndamuuza kuti asachoke pa shopu asanatenge chojambulacho m'manja.