Za apulofesa amene amatiphunzitsa makompyuta ku Braamfontein

Makolo ndi achibale a kumudzi amene ana anu akufuna kudzaphunzira kuno ku Joni, mafunso anu ambiri amakhala a fizi ndi malo ogona, koma ine ndikufuna ndikufotokozereni za mphunzitsi mmodzi amene wandilimbitsa mtima kufikira lero.

Ndimaphunzira sayansi ya makompyuta pa yunivesite ya Witwatersrand, imene anthu amangoitchula kuti Wits, ku Braamfontein mumzinda wa Johannesburg. Sukuluyi inakhala yunivesite mu 1922. Digiri yathu imatenga zaka zitatu, osati zinayi monga ku Zomba, ndipo wofuna kupitiriza amawonjezera chaka cha Honours. Kuchepa kwa zakaku kumachititsa kuti maphunziro azithamanga kwambiri kuyambira mu February, moti wophunzira amene sanagwirepo kompyuta mokwanira kusekondale amatha kutsalira mwezi woyamba womwewo.

Apulofesa athu amadziwa zimenezi. Salowa m'kalasi ndi pulogalamu yolembalemba kale ayi, amailemba pamaso pathu mzere ndi mzere, ndipo ikakana kuyenda safulumira kuikonza, koma amatiwerengetsa uthenga umene kompyuta yatulutsa mpaka tipeze tokha pamene palakwika. Tsiku lina, potiphunzitsa kufufuza dzina pamndandanda wosanjidwa bwino, anati tichite monga munthu wofuna nyimbo m'buku la nyimbo za kutchalitchi: amatsegula pakati, n'kuona ngati nambala yake ili kutsogolo kapena kumbuyo, n'kusiya theka losafunikalo. Kenaka anatiwerengetsa papepala, tinapeza kuti mwa mayina 1,000,000 kutsegula pakati maulendo 20 n'kokwanira kupeza dzina lililonse. Kuyambira pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake amalimbikira masamu kuposa kuthamanga kwa zala.

Chimene ndimachiyamikira koposa ndi maola amene amapatula sabata iliyonse kuti wophunzira aliyense akawapeze mu ofesi. Ife tinaleredwa kuti mwana safunsa wamkulu mwachisawawa, ndipo ulemu umenewo ndi wabwino, koma kuno ukhala chete aphunzitsi amayesa kuti wamva zonse. Iwo ataona kuti ena a ife ochokera kunja sitibwera, anayamba kutiitana okha, aliyense payekha. Safunsa kuti, "Bwanji sunamve?" Amafunsa kuti, "Unamva mpaka pati?" ndipo amayambira pomwepo. Amayang'aniranso ophunzira a Honours ndi a Masters amene amatithandiza mu labu, kuti asatilembere mayankho koma atitsogolere.

Chifundo chawo si chosekerera zolakwika. Wokopera pulogalamu ya mnzake, kapena kuitenga pa intaneti, amamuitana kuti afotokoze mzere uliwonse ndi pakamwa pake, ndipo akalephera nkhani imapita kwa akuluakulu. Komabe pa nthawi imene magetsi ankazimazima kwambiri, ankawonjezera masiku operekera ntchito, podziwa kuti ambiri timagona kutali ndipo si nzeru kuyenda usiku ndi laputopu m'chikwama.

Pa za ndalama, dziwani kuti thandizo la boma lolipirira ophunzira, lotchedwa NSFAS, ndi la nzika za South Africa ndi anthu okhawo amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno, ndipo viza ya maphunziro imafuna kuti mwana akhale ndi inshulansi ya chipatala. Vizayo imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata. Ndi apulofesa omwewa amene anandiuza kuti maola amenewo ndisawathere kutali ndi sukulu, ndipo anandilembera kalata yondichitira umboni kuti ndizithandiza a chaka choyamba mu labu. Ndalama imene ndimalandira pamenepo imandikwanira mayendedwe ndi chakudya, ndipo pakati pa ophunzira amene ndawapatsidwa chaka chino pali mtsikana wa ku Mchinji amene wayamba kale kupita yekha ku ofesi kuja.