Bokosi la ma DVD a Beauty and the Beast ya 1987: ndi labwino, koma dziwani izi musanagule

Yambani mwaona zithunzi za pachikuto, chifukwa masewero a pa TV a dzina limeneli alipo awiri. Ya 2012, ya Kristin Kreuk, ndi ina. Ndemanga ino ikunena za ija idayamba kuonetsedwa pa kanema wa ku America wa CBS pa 25 September 1987 n'kutha mu 1990, momwe Linda Hamilton ndi Catherine Chandler, loya wa ku New York, ndipo Ron Perlman ndi Vincent, munthu wankhope ya mkango wokhala m'mapanga a pansi pa mzindawo. Bokosi lathunthu lidatuluka mu 2008, lili ndi magawo onse 56: sizoni yoyamba 22, yachiwiri 22, yachitatu 12. Gawo lililonse limatenga mphindi zosakwana 50.

Chovuta choyamba ndi makina oonera. Zimbale za ku America ndi za Region 1 (region ndi nambala ya chigawo cha dziko lapansi chomwe chimbale chidapangidwira) ndi NTSC, njira ya ku America yoonetsera zithunzi pa TV. Pleya yogulidwa ku Britain kapena ku South Africa nthawi zambiri imakhala ya Region 2, ndiye mukaikamo chimbale imangolemba kuti yakana, ngakhale chimbalecho chilibe chilema chilichonse. Pamafunika pleya yowerenga ma region onse, kapena kugula bokosi la Region 2. TV zakale za PAL (njira ya ku Britain ndi South Africa) zina zimaonetsa NTSC yopanda mtundu, zoyera ndi zakuda basi. Pa kompyuta chenjerani, chifukwa draivu imalola kusintha region kasanu kokha, kenako imatsekeka pa yomalizayo.

Chithunzi ndi cha 4:3, choncho pa TV zamakono kumatsala mizere yakuda mbali zonse ziwiri. Isiyeni. Mukachitambasula kuti chidzaze TV yonse, nkhope ya Vincent, imene Rick Baker adaikonza mwaluso, imaphwatalala. Musayembekezerenso kuwala kwa mafilimu a lero. Zochitika zambiri za m'mapanga zimaoneka ngati zowunikiridwa ndi makandulo okha, utsi uli tolotolo, ndipo pa zimbalezi mdimawo umabwera ndi timadontho tothothoka ngati mchenga. Kukweza kuwala kwa TV kumangoonjezera timadonthoto. Chothandiza ndi kuzimitsa nyale m'chipinda ndi kuchepetsa sharpness, kuthwa kwa chithunzi pa TV.

Nanga seweroli? Apa ndiye palibe chodandaula. Catherine amenyedwa ndi zigawenga zomwe zamusokoneza ndi munthu wina, n'kumutaya ku Central Park nkhope itachekedwachekedwa. Vincent amutola, n'kumusamalira pansipo maso ali omangidwa ndi mabandeji, kotero Catherine amayamba kudziwa mawu a Vincent asanaone nkhope yake. Chikondi chawo chonse chakhazikika pamenepo: amawerengerana ndakatulo pakhonde la nyumba ya Catherine, ndipo Vincent amamva mumtima mwake Catherine akakhala pangozi. Mudzi wa pansi uja adaumanga mosamala kwambiri. Anthu amatumizirana mauthenga pogogoda mapaipi, Pascal ndiye wotchera khutu ku mapaipiwo, ndipo mkulu wawo ndi Father, amene Roy Dotrice adamusewera ndi ulemerero wake wonse. Adayambitsa seweroli ndi Ron Koslow, ndipo George R. R. Martin adali m'gulu la olemba. Perlman adapata nalo mphoto ya Golden Globe mu 1989. Magawo ena a sizoni yoyamba amabwerezabwereza njira imodzi, Catherine agwidwa, Vincent athamanga kukamupulumutsa, koma yachiwiri imalowa kwambiri m'moyo wa m'mapanga ndipo ndiyo yokoma kuposa zonse.

Sizoni yachitatu ndiyo idagawa anthu, ndipo wosafuna kudziwiratu alumphe ndime ino. Hamilton adasiya seweroli ali woyembekezera, olemba n'kumupha Catherine koyambirira kwenikweni atangobereka mwana wa Vincent. Jo Anderson adalowa ngati wapolisi Diana Bennett, nkhani idasanduka yankhanza ndi yosakasaka adani, oonera adachepa, CBS n'kuithetsa. Anderson adasewera bwino, koma chomwe anthu adakondera seweroli chidali chitapita.

Okonda seweroli sadagonje. Ambiri amadzitcha a "Classic", ndipo kwa iwo nkhani imathera pa sizoni yachiwiri. Adalemba okha nkhani zambirimbiri m'timabuku tosindikiza pawokha, momwe Catherine sadafe ayi, ndipo zambiri mwa izo tsopano zimawerengedwa pa intaneti. Akhala akuchita misonkhano ku America kwa zaka zambiri, komanso amakondwerera Winterfest, mwambo woyatsa makandulo wochokera m'gawo la "Dead of Winter" la sizoni yachiwiri. Mukalowa m'magulu awo, funsani kaye ngati za sizoni yachitatu zimaloledwa, chifukwa ena sazifuna n'komwe.

Ndalipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Imodziyo yachoka chifukwa cha chithunzi chosayeretsedwa. Ngati mukugula logwiritsidwa kale ntchito, werengani zimbale ndi kuziyang'ana pansi ngati zakalika, makamaka choyamba cha sizoni yoyamba, pomwe pali gawo lotsegulira nkhani yonse.