Baitcaster ndi chingwe cha braid patatha nyengo yonse ya bass: zomwe zatha ndi zomwe zikadali bwino

Zida zowedzera nsomba ya bass zomwe tikuziunikanso pano ndi zija tinaziyamikira zikadali zatsopano kumayambiriro kwa Sepitembala: reel (chokulungira chingwe) ya baitcaster, mtundu wokhala pamwamba pa ndodo, ya mtengo wapakatikati, ya magiya a 7.1:1 ndi mabuleki a maginito, ndodo ya graphite ya mamita 2.13 yolembedwa medium-heavy, chingwe cha braid (cholukidwa ndi timaulusi tambiri) cha mphamvu ya 30 lb, ndi leader (kachingwe kolumikiza braid ndi nyambo) ya fluorocarbon, chingwe choonekera ngati nayiloni, ya 15 lb kumapeto kwake. Nthawi ija tinati zimaponya patali, n'zopepuka m'manja, ndipo nsomba ikangokhudza nyambo mumamva. Tsopano zadutsa nyengo yoswana, dzinja lotentha la KwaZulu-Natal ku South Africa, ndi kuzizira kwa Juni ndi Julayi pa madamu a Albert Falls ndi Inanda, onse awiri a pa mtsinje wa uMngeni. Tikuziyamikirabe. Kungoti zimakhalitsa kwa munthu amene amazimasula n'kuzipukuta, ndipo mavuto ambiri amene asodzi amanamizira reel amachokera ku chingwe.

Braid ndi choterera. Chikamangidwa pa spool (kagudumu ka reel kokulungapo chingwe) yosalala popanda china pansi, chimazungulira chonse pamodzi nsomba ikakoka. Munthu amalimbitsa drag (chogwira spool kuti chingwe chisatuluke msanga nsomba ikakoka) mpaka pamapeto, chingwe n'kumatulukabe, iye n'kumati reel yafa. Yambani ndi mamita 15 kapena 20 a chingwe wamba cha nayiloni, lumikizani braid pamwamba pake, mudzaze mpaka patsale mamilimita 2 kuti chifike pa mkombero wa spool. Pokulunga, chingwecho chizidutsa m'kansalu konyowa kofinyidwa zolimba m'dzanja. Chikakulungidwa molobodoka chimadzalowa pakati pa mizere yake yapansi tsiku lomwe mbedza yakodwa pa chitsa inu n'kukoka ndi reel. Mukadzaponyanso, chimaima mwadzidzidzi pamene chinalowa paja, nyambo n'kuduka n'kuuluka yokha. Nyambo zambiri zimatayika motere kuposa zomwe zimatengedwa ndi nsomba. Mbedza ikakodwa, kulungani chingwe kasanu pa kamtengo n'kukoka ndi kamtengoko, osati ndi ndodo kapena ndi dzanja, poti braid imacheka chala ngati lezala. Mukatero tulutsani mamita 10 n'kukulunganso chili chokungika.

Mtundu wobiriwira wa chingwe unasuluka msanga, koma zimenezo si kanthu, mphamvu yake siili mu utoto. Choyenera kuyang'ana ndi tiubweya tomwe timayamba pa mamita 5 akumapeto, pamene chimakhula pa mitengo ndi miyala. Pamenepo dulani. Pakati pa nyengo mukhoza kuchitembenuza kuti mbali yomwe sinagwirepo ntchito ibwere pamwamba: chikulungeni pa botolo, kuchoka pa botololo chipite pa lina, ndiyeno chibwerere pa reel. Mukadumpha botolo lachiwiri chibwerera mmene chinalili.

Mfundo yolumikiza braid ndi leader ndi pamene pamadukira kawirikawiri. Ya double uni ndi yosavuta kumanga, koma ndi yonenepa, imagunda timphete ta pa ndodo nthawi iliyonse mukaponya mpaka imafooka. Ya FG ndi yowonda ndipo imadutsa bwino. Imafuna kuluka braid pa leader pafupifupi ka 20, n'kukoka zolimba mpaka braid ilume mu fluorocarbon musanamalize ndi timfundo totsekera. Osakoka mokwanira, imapulumuka pa nsomba yoyamba yaikulu. Leader isapitirire mita imodzi ndi theka, kuti mfundoyo isamalowe mu reel. Pomangirira mbedza, mfundo ya Palomar ndi yokwana, bola zingwe ziwirizo zisapingasane ndipo munyowetse ndi malovu musanakoke. Fluorocarbon youma imapsa ndi kukhulana, imaoneka yabwinobwino koma yatha kale mphamvu.

Za kupiringizana kwa chingwe pa spool, komwe kumathamangitsa oyamba kumene, miyeziyi yatsimikizira kuti kuli kwa mitundu iwiri. Kukachitika mutangoponya, ndiye kuti mwagwedeza dzanja mwamphamvu kwambiri kapena mukuponya moyang'anizana ndi mphepo, ndipo pamenepo onjezerani mabuleki. Kukachitika nyambo ikugwera pamadzi, vuto ndi chala chachikulu chomwe chachedwa kuimitsa spool. Kachivundikiro kozungulira ka pafupi ndi chogwirira kamangeni mpaka spool isiye kugwedera cham'mbali, nyambo izitsika yokha pang'onopang'ono mukatsegula. Mabuleki ayambire pa magawo 7 mwa 10, muzitsitsa dzanja likamazolowera. Reel iyi ilibe vuto ndi nyambo za magalamu 10 kupita m'mwamba. Pansi pa magalamu 7 imavuta ngakhale muisinthe bwanji, chifukwa nyambo yopepuka ilibe mphamvu yozunguzira spool yodzaza. Ntchito imeneyo ndi ya spinning reel, mtundu wina wa reel wolendewera pansi pa ndodo.

M'kati mwa reel, chomwe chinayamba kuonetsa kutopa si magiya akuluakulu. Ndi kamtanda kokhala ndi mizere yopingasa kutsogolo kwa spool, komwe kamayendetsa chotsogolera chingwe uku ndi uku, pamodzi ndi kachitsulo kakang'ono kotchedwa pawl komwe kamayenda m'mizeremo. Malowa ali poyera, ndipo braid imabwera ndi madzi, matope ndi tinyenyeswa ta udzu n'kuzisiya pomwepo. Chizindikiro chake n'chakuti chingwe chimayamba kuunjikana mbali imodzi, kapena chotsogolera chija chimakakamira chikafika kumapeto. Tsukani mizereyo ndi mswachi wakale mukabwera kodziwedza, ikani dontho limodzi la oyilo wa reel. Girisi pamenepo amangogwira mchenga. Pawl ikaperepeseka mano, isintheni msanga isanawononge kamtandako, komwe ndi kodula.

Ma bearing awiri a spool anayamba kulira mvula itakhazikika. Achotseni, aviikeni mu spiriti, aume, ndiyeno dontho limodzi lililonse, basi. Oyilo wochuluka amachepetsa mtunda woponya, ndipo mafuta opopera aja omasulira mabawuti adzimbiri musawayandikitse, amasungunula girisi wa m'magiya n'kusiya zitsulo zikudyana. Girisi ndi wa mano a giya yaikulu ndi pinion (giya yaing'ono yozunguza spool), wochepa chabe. Akafika pa bearing yoletsa chogwirira kubwerera m'mbuyo, m'mawa wozizira wa Julayi girisiyo amalimba, chogwirira n'kupulumukira m'mbuyo pomwe mukufuna kukola nsomba. Ipukuteni bearing imeneyo ikhale pafupifupi youma.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe chimapha baitcaster mwachangu: kuzunguza chogwirira kuti muimitse nyambo spool ikadali paliwiro. Pinion imakakamizidwa kulumana ndi spool yothamanga, m'mphepete mwake mumadyeka, kenako reel imayamba kuchita phokoso ndi kupulumuka pokoka. Imitsani ndi chala kaye. Drag nayo imakhalitsa mukamaimasula pomaliza tsiku, apo ayi mawasha amaphwatalala n'kuyamba kutulutsa chingwe modukizaduka. Poiyesa, tengerani chingwe chofooka pa ziwirizo. Leader ya 15 lb ndi pafupifupi makilogalamu 6.8, ndiye drag ikhale cha m'ma kilogalamu 2. Mangani botolo la madzi la malita 2 ku chingwe chochokera pa reel osadutsa m'ndodo, linyamuleni: chingwe chiziyamba kutuluka botolo likangochoka pansi.

Ndodo ilibe nkhani yambiri. Utoto wakalika, chogwirira chada, kwina konse ili bwino. Chingwe chikamachita ubweya pamalo amodzimodzi, pititsani thonje m'kamphete kalikonse, makamaka ka kunsonga. Pamene thonje lakodwa pali mng'alu, ndipo kampheteko kasinthidwe.

Pamadzi, zida izi zili pakwawo ndi Texas rig: nyongolotsi ya pulasitiki pa mbedza yokhota khosi ya 3/0 kapena 4/0, nsonga yake itabisidwa m'thupi la nyambo, ndi mtovu wosongoka wa magalamu 3.5 mpaka 7 kutsogolo. M'udzu wothithikana mtovuwo utsekeredwe ndi karabala kuti usasiyane ndi nyambo. Bass zambiri zimatenga nyambo ikutsika, choncho maso akhale pamene chingwe chalowera m'madzi. Chikadumpha pang'ono kapena kuyenda cham'mbali, kungani chingwe mumve kulemera, ndiyeno kwezani ndodo mwachangu koma osachita kuzula. Braid sitamuka, mphamvu yonse imathera pa mfundo ya leader. Nyongolotsi yonenepa ya mainchesi 5 yopanda mtovu imalemera pafupifupi magalamu 10 ndipo imaponyeka bwinobwino. Spinnerbait (nyambo ya waya yokhala ndi tizitsulo tozungulira) ya magalamu 10 mpaka 14 ndi ya tsiku la mphepo kapena madzi akada ndi mvula.

Pamene zimalephera ndi pa crankbait (nyambo yolimba yooneka ngati kansomba) ndi nyambo zina za mbedza zamano atatu. Ndodo yolimba ndi chingwe chosatamuka zimang'amba pakamwa pa nsomba ikadumpha n'kupukusa mutu. Kumasula drag kumathandizako, koma amene amakonda nyambo zimenezi agule ndodo yofewa ndi chingwe cha nayiloni. Pa chule wa pulasitiki m'mphepete mwa namasupuni wa ku Inanda, chotsani leader mumange braid mwachindunji, ndipo 30 lb pamenepo ili pamalire, 50 lb ndiye yoyenera kukokera nsomba m'zomera. Madzi akaphulika musakoke pomwepo, dikirani mpaka mumve kuti yalemera. M'nyengo yozizira nsomba zimatsikira kozama ndipo sizithamangitsa chakudya. Magiya a 7.1:1 amabweza pafupifupi masentimita 75 pa kuzunguza kamodzi, zomwe n'zambiri kwa nsomba yozizidwa. Kokani nyambo pansi ndi ndodo, reel ingotola chingwe chotsala.

Zida zoponya patali zimabweretsanso mayesero oponya pamene pali mnzanu. Boti likamatsata gombe likuwedza, musalidulire kutsogolo n'kuyamba kuwedza pamene likulowera. Zungulirani kumbuyo kwake, kapena funsani kuti, "Akulu, mukulowera mbali iti?" Mtunda wabwino ndi woti nyambo yanu ndi yake zisakumane nonse mutaponya ndi mphamvu zonse. Kumtunda kumakhala anthu owedza ndiwo, ena zingwe zawo zili patali m'madzi zosaoneka. Chepetsani injini mukamadutsa, ndipo musaponye pamwamba pa zingwe zawo. Iwo sangasamuke msanga ngati inu a pa boti. Zidutswa za braid ndi nyambo zong'ambika zibwerere m'thumba: chingwe chimakola mbalame miyendo, pulasitiki nsomba zimameza.

Nsomba yoti ibwerere m'madzi igwireni ndi manja onyowa, chala chachikulu pa mlomo wa m'munsi, ilendewere chowongoka. Yaikulu, ya makilogalamu 2 kapena kuposa, musaipingase mutaigwira pakamwa pokha, nsagwada imaguluka ndipo imalephera kudya. Dzanja lina lichirikize pamimba. Isagone pa udzu wouma kapena pansi pa boti potentha, ndipo isathe theka la mphindi ili kunja kwa madzi. Mbedza ikalowa kukhosi ndipo simukuifikira ndi pulayala, dulani chingwe pafupi nayo m'malo mozula. Kuphwanya kandevu ka mbedza musanayambe kumachepetsa vutoli, ndipo ndi chingwe chokungika nsomba sizipulumuka kwambiri. Cha mu Sepitembala ndi Okutobala, madzi akafunda kufika madigiri 16 mpaka 20, bass zimaswana m'madzi osaya, yaimuna n'kumalondera mazira. Imaluma chilichonse chodutsa pachisa, ndiye kuigwira si luso kwenikweni. Mukaigwira ibwezeni pomwepo nthawi yomweyo, poti ikachokapo nsomba zing'onozing'ono zimatha mazirawo.

Kubweza nsomba pa damu lomwe mwaigwira ndi nkhani ina, kuisamutsa ndi inanso. Bass si nsomba ya kuno. Bass ya mtundu wa largemouth inafika ku South Africa mu 1928 kudzera ku Jonkershoek pafupi ndi Stellenbosch, ndipo mtundu wa ku Florida, womwe umakula kwambiri, unabwera mu 1980. M'mitsinje ya ku Western Cape mitundu ya bass yachepetsa kwambiri tinsomba ta komweko monga redfin, ndipo malamulo a 2014 okhudza zamoyo zobwera anaiika m'gulu la zowononga. Kunyamula bass yamoyo kupita nayo ku damu lina kapena mtsinje popanda chilolezo ndi mlandu. Boti ndi ngolo yake zitsukidwe musanachoke pa damu la namasupuni, chifukwa kachidutswa kamodzi kamamera kwina. Laisensi yowedzera m'madzi a ku KwaZulu-Natal imachokera ku bungwe la Ezemvelo KZN Wildlife, ndipo ikhale m'thumba.

Amene akufuna kupita nazo zidazi kumudzi, ku Malawi bass imapezeka m'madamu ena, ndipo lamulo losasamutsa nsomba ligwire ntchito chimodzimodzi, makamaka pa madzi olowera ku nyanja ya Malawi. Musanakwere basi gulani pawl ziwiri zosungira, ma bearing awiri a spool a saizi ya reel yanu, kamphete ka kunsonga kwa ndodo ndi guluu wake, ndi kabotolo ka oyilo wa reel. Pepala la chithunzi cha zipangizo lomwe limabwera m'bokosi musalitaye, manambala a zosinthira ali pamenepo.